Mufunseni kaye zimene ankafuna kuonetsa

Achimwene, mwafunsa mmene mungamuuzire mnzanu kuti chithunzi chake cha asodzi ku Senga Bay chili ndi vuto, osamugwetsa mphwayi. Yambani ndi chimene chakusangalatsani, ndipo chitchuleni ndithu. Kungoti "chabwino" sikumuthandiza. Kenako tchulani vuto limodzi basi. Ngati nkhope za asodziwo zada chifukwa anajambula atayang'anizana ndi dzuwa, muuzeni adzayesere dzuwa lili kumbuyo kwake, kapena agunde pankhopepo pa sikirini ya foni kuti kuwala kutsatire nkhope. Mzere wa nyanja wopendekeka ndi nkhani yaing'ono, auwongola pa Snapseed, pulogalamu ya pafoni yokonzera zithunzi.

Koma musanayambe zonsezi, mufunseni. Ku Senga Bay dzuwa limatulukira kunyanja, ndiye mwina mithunzi yakudayo anaifuna dala, ndipo ine zotere zimandikoka mtima.