Mfuti ya kadzidzi imene apongozi anasiya: inapangidwa liti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene anakwatira ku Indiana, m'dziko la America. Apongozi awo aamuna anatisiya chaka chatha, ndipo pokonza m'nyumba ya malemuwo anapeza kamfuti kokulungidwa m'sokosi, kuseri kwa dirowa ya zovala. Anandilembera motere: "Pamwamba pa mpope palembedwa Iver Johnson's Arms & Cycle Works, Fitchburg, Mass., ndiye pali madeti angapo, loyamba ndi APR.6.86. Pa chogwirira pali mutu wa kadzidzi. Mayi akunyumba akuti ndi ya 1886 ndipo mwina ndi ya ndalama zambiri. Nambala ya pansi ndaisakasaka pa intaneti koma sindikupeza kanthu. Inapangidwa liti, nanga tingaiwombe?" Anatumizanso zithunzi zitatu.

Achimwene, pepani ndi zovutazo, muwapepesenso alamu. Tisanapite patali, itseguleni mfutiyo, mphuno yake italoza pansi, muone ngati mabowo onse asanu a silinda, chitsulo chozungulira chija momwe mumalowa zipolopolo, ali opanda kanthu. Mfuti za m'madirowa zambiri zimapezeka zili ndi zipolopolo zimene mwini wake anaiwala kalekale.

Tsono za 1886 zija, alamu aziiwale. Madeti a pa mpope ndi a zikalata za umwini wa luso, kusonyeza tsiku limene boma linavomereza kuti kapangidwe kakutikakuti nkawo. Kampani inkangodinda madeti omwewo chaka ndi chaka. Chimene deti lotere lingakuuzeni ndi chimodzi chokha: mfutiyo siinapangidwe tsikulo lisanafike. Ndiye muziyang'ana deti lomaliza pa mzerewo, osati loyamba. Pa chithunzi chanu lomaliza ndikuliwerenga kuti AUG.25.96, kotero 1886 yagwa kale. Ngakhale dzina la tawuni likutsutsa alamu, pakuti kampaniyi inasamukira ku Fitchburg mu 1891.

Iver Johnson mwini wake anali wa ku Norway. Anabadwa mu 1841, anafika ku Worcester, Massachusetts, mu 1863 nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, ndipo mu 1871 anayamba bizinesi ya mfuti pamodzi ndi mnzake Martin Bye. Mawu akuti Cycle Works si okometsera ayi, ankapangadi njinga, ndipo katswiri wa mipikisano Major Taylor anapalasapo njinga yawo. Mtundu wa mfuti muli nayoyo, Safety Automatic, unatuluka mu 1894, Johnson n'kumwalira chaka chotsatira. Mawu akuti Automatic asakusokonezeni. Ndi revolver wamba, kutanthauza mfuti ya silinda yozungulira, kungoti mukaithyola pakati, timakoko ta zipolopolo zowombedwa kale timadumpha tokha. Mawu akuti Safety ndiwo anali malonda awo enieni: kahamala, kachitsulo ka kumbuyo kamene kamamenya kuti mfuti ilire, sikakhudza msomali wobaya chipolopolo pokhapokha kachitsulo kena katakwera pakati pake, ndipo kachitsuloko kamakwera munthu akakoka chokhethemulira mpaka kumapeto. Potsatsa malonda ankajambula munthu akumenya kahamala ka mfuti yodzaza ndi hamala ya misomali, mfuti osalira. Njira imeneyi makampani ngati Ruger anadzaitengera patapita zaka zambiri.

Inali mfuti ya anthu wamba, ya wogulitsa m'sitolo, ya mayi wokhala yekha, ya wapaulendo. Inkagulidwa madola 5 kapena 6. Leon Czolgosz, amene anawombera pulezidenti William McKinley ku Buffalo pa 6 September 1901, anagwiritsa ntchito ya .32 (muyezo wa kukula kwa chipolopolo) yamtundu womwewu, ataibisa m'kansalu ka m'manja.

Nambala mwaisaka ija yakukanikani pa chifukwa chomveka. Imene ili kunja, pansi pa chogwirira kapena pa chitsulo chotchinga chokhethemulira, nthawi zambiri imakhala yosakwanira. Yathunthu ili mkati, kumanzere kwa chitsulo chimene zogwirira ziwiri zija zimamatirapo, ndipo kutsogolo kwake kumakhala chilembo. Kampani ikadzaza manambala inkayambiranso ndi chilembo china, kotero nambala imodzi yomweyo ingapezeke pa mfuti zingapo zosiyana zaka. Ngakhale zilembozo sizinkayenda mwa ndondomeko ya A, B, C chaka ndi chaka. Za mfuti yaing'ono zinali zina, za yaikulu zina, ndipo zilembo zina anazigwiritsanso ntchito kachiwiri atasintha kapangidwe. Choncho chilembo chimathandiza pokhapokha mutadziwa kaye kuti mwagwira mtundu uti mwa mitundu itatu. Mtunduwo ndiye sumawerengedwa pa nambala. Umaoneka pa thupi la mfuti.

Yambani ndi chotsekera cha pamwamba, pamene mumagwira pofuna kuithyola. Mtundu woyamba, wa 1894 mpaka cha m'ma 1896, uli ndi kamtengo kamodzi kokolera ndiponso kabatani kumanzere. Wachiwiri ndi wachitatu ali ndi timitengo tiwiri, ndipo chotsekeracho mumachitsina ndi zala ziwiri n'kuchikweza. Yanu ili ndi tiwiri, woyamba watuluka.

Kusiyanitsa wachiwiri ndi wachitatu ndiye nkhani yaikulu, chifukwa apa mpamene pagona funso lanu lakuti tingaiwombe. Mtundu wachiwiri unapangidwa mpaka 1908, ndipo unapangidwira wonga wakuda, wautsi uja, wofanana ndi umene agogo athu ankatsira m'mfuti za gogodera. Wachitatu, kuyambira 1909 mpaka 1941, ndiwo anaulimbitsa kuti upirire wonga wopanda utsi umene uli m'zipolopolo za masiku ano.

Mfuti ili yotseka, yopanda chipolopolo, kahamala kali pansi, yesani kuzunguza silinda ndi chala. Ikamazungulira momasuka ngati gudumu la wilibala, ndi yakale. Ya 1909 kupita m'tsogolo imakana, chifukwa ili ndi kachitsulo kogwira silinda, ndipo pa silindapo mumaona timabowo tating'ono ta ngodya zinayi momwe kachitsuloko kamalowa. Pa chithunzi chanu chachiwiri timabowo timeneti sindikutiona. Ndikungoona tingalande tatitali topendekeka.

Umboni wosatsutsika uli pansi pa zogwirira. Mukazichotsa mudzaona sipuling'i imene imakankha kahamala. Ikakhala kachitsulo kaphanthiphanthi kokhota ngati uta, ndi ya wonga wakuda. Ikakhala yopotana ngati ya m'bolopeni, koma yokulirapo, ndi ya mtundu wachitatu. Pochotsapo muchite mofatsa. Zogwirirazo ndi za labala wouma amene pano wadutsa zaka 100, ndipo amathetheka ngati bisiketi. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Pa yanga yoyamba ndinamasula sikuluwu bwinobwino, koma chogwirira chitakana kuchoka ndinalowetsa nsonga ya mpeni m'mphepete kuti ndichikanule. Ndinangomva kuti thee, kachidutswa kofanana ndi chikhadabo kali pansi, khutu la kadzidzi litapita nako. Chochita n'chakuti mumasule sikuluwu pang'ono chabe, muikankhe ndi chala kuti ikankhe chogwirira cha mbali inayo kuchokera mkati, kenaka chotsalacho muchigogode pang'onopang'ono kudzera m'kati momwemo.

Za kadzidziyo. Ndikudziwa kuti kwathu mbalame imeneyi ikalira padenga anthu sagona, ndipo ndimaseka ndikaganiza kuti wamalonda atabwera nazo pa msika wa ku Lizulu sakanagulitsa ngakhale imodzi. Kwa azungu kadzidzi ndi chizindikiro cha nzeru ndi kukhala maso usiku. Osonkhanitsa mfutizi amamugwiritsanso ntchito poyerekeza zaka: pa mitundu iwiri yoyamba amayang'ana cha kumene kuli mpope, pa wachitatu anamutembenuza. Anthu ambiri pa intaneti amathera pomwepa, ndipo ine njira imeneyi sindiikhulupirira payokha. Chogwirira chimachoka ndi sikuluwu imodzi. M'zaka zonsezi wina akhoza kuti anathyola chake, monga ndinachitira ine, n'kugula china chilichonse chimene chinakwana. Kadzidzi muzimufunsa pomaliza, sipuling'i ndi silinda zitayankha kale, pakuti zimenezo munthu sangazisinthe mwachisawawa.

Ndiye poona zithunzi zanu, ndikuti muli ndi mtundu wachiwiri, waung'ono, wa .32 S&W, wopangidwa pakati pa kumapeto kwa 1896 ndi 1908. Mukanditumizira chilembo cha mkati chija tidzachepetsa mpatawo, mwina mpaka kufika pa chaka chenichenicho, chifukwa osonkhanitsa anakonza kale mndandanda wa zilembo ndi zaka zake. Chakacho chili ndi ntchito kumene muliko. Pa malamulo a boma lalikulu la America, mfuti yopangidwa mu 1898 kapena m'mbuyo mwake imatengedwa ngati chinthu chamakedzana, pamene ya 1899 ndi mfuti ngati ina iliyonse, ngakhale ziwirizo zikufanana ngati mapasa. Maboma ang'onoang'ono alinso ndi malamulo awoawo, choncho musanaipereke kwa wachibale wa kudera lina, funsani wogulitsa mfuti wovomerezeka. Ndipo lisakubwerereni ganizo loiponya m'sutikesi popita kumudzi kuti mukaonetse anthu. Pa bwalo la ndege la Kamuzu sakafunsa za 1898, akafunsa chilolezo cha apolisi.

Kuwomba, ine ndikuti ayi. Zipolopolo za .32 S&W zikugulitsidwabe ndipo zilowa bwinobwino m'silindamo, apa mpamene anthu amanamizikira. Wonga wa masiku ano umakankha mwadzidzidzi kuposa wakuda, ndipo mfuti yothyoka pakati mphamvu yake yonse imadalira kachotsekera kaja ndi hinji imodzi. Kawirikawiri siphulika tsiku loyamba. Imayamba kukhwepa, silinda n'kusiya kulunjika bwino ndi mpope, mpaka tsiku lina tizidutswa ta mtovu timatulukira m'mbali, kumene kuli dzanja lanu kapena nkhope ya mnzanu. Choopsa china ndi zipolopolo za .32 ACP, zimene zimatha kulowa m'mabowo omwewo koma mphamvu yake ndi yoposa. Ngati banja lifunitsitsa kuimva ikulira kamodzi pokumbukira malemu, ipititseni kwa mmisiri wa mfuti aione kaye, ndipo iye ndiye anene zipolopolo zoyenera.

Pa za ndalama, alamu asakonzekere kugula galimoto. Mfutizi zinapangidwa zochuluka zedi, ndipo mtengo wake uli pansi kwambiri poyerekeza ndi Colt kapena Smith & Wesson ya zaka zomwezo. Kwa ife osonkhanitsa a matumba osaya, ubwino wake ndi womwewo: munthu ukhoza kukhala ndi mitundu yonse itatu pa shelefu osagulitsa munda. Zimene zimakwera mtengo ndi zachilendo, monga ya mpope waufupi wa mainchesi 2 imene ankatsatsira okwera njinga, yakuda m'malo mwa yonyezimira ya nikelo, kapena imene ikadali ndi kabokosi kake koyambirira. Mukadzakumana ndi ina yolembedwa U.S. Revolver Co., dziwani kuti ndi ya fakitale yomweyo, yotchipirapo, imene anayamba kupanga cha m'ma 1910 pogwiritsa ntchito zipangizo zotsala za mtundu wachiwiri, ndipo ilibe kachitsulo kachitetezo kaja.

Chimene chingagwetse mtengo wa yanuyo ndi kuikwecha. Pa chithunzi chachitatu ndaona kuti nikelo wayamba kusupuka pafupi ndi silinda, ndipo ndikudziwa mtima wa Mmalawi akaona chitsulo chothimbirira: amathamangira sitiliwulu ngati akutsuka poto. Musatero. Kansalu kofewa ndi timadontho ta mafuta a mfuti n'zokwanira. Muichotsenso m'sokosimo, chifukwa nsalu imasunga chinyontho ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Ikhale pouma, potsekedwa ndi kiyi, kutali ndi ana.

Pojambula chilembo chija, muunike ndi tochi kuchokera cham'mbali, osati mwachindunji, chifukwa chimadindidwa mosazama ndipo mafuta akale amachikwirira. Mujambulenso sipuling'iyo zogwirira zisanabwerere pamalo pake.