Chifukwa chake kuwala kwa quasar kumakwera n'kutsika

Achimwene, mwafunsa kuti zingatheke bwanji kuti quasar, chinthu chowala kwambiri cha mumlalang'amba wathunthu wakutali, izisintha kuwala m'masabata ochepa chabe, komanso ngati kumeneku sikuli kuphethira komwe kuja timaona pa nyenyezi usiku. Ayi, kuphethira kumayamba ndi mpweya wathu uno umene kuwala kumadutsamo. Kusintha kwa quasar kumachitikira komweko kumene ili.

Si mlalang'amba wonse umene umasintha. Nyenyezi zake mabiliyoni zimangowala monga mwa nthawi zonse. Nkhani ili pakatikati penipeni, pamene pali black hole (malo okoka zinthu mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) yolemera kuposa dzuwa lathu kuwirikiza mamiliyoni, nthawi zina mabiliyoni. Gasi wopita mmenemo sagwera mwachindunji. Amayamba wazungulira, akukhulana, n'kutentha mpaka kuwala kwake kuposa kwa nyenyezi zonse za mlalang'ambawo. Gasiyu sayenda mwabata, mphamvu za maginito zimamuvundula, ndiye lero kuwala kwakwera, mwezi wamawa kwatsika, popanda ndondomeko yoti munthu n'kuneneratu.

Mu 1963 Maarten Schmidt anazindikira kuti quasar yotchedwa 3C 273, imene inkaoneka ngati kanyenyezi wamba, ili kutali moti kuwala kwake kwayenda zaka zoposa 2 biliyoni kuti kutipeze. Chaka chomwecho Harlan Smith ndi Dorrit Hoffleit anafufuza zithunzi zakale za thambo zosungidwa ku Harvard, zina za m'ma 1880, napeza kuti kuwala kwake kwakhala kukusinthasintha zaka zonsezo.

Apa ndi pamene ine nkhaniyi imandikomera, chifukwa kusinthako n'kumene kumatiuza kukula kwa chinthu chimene sitingachione bwino ngakhale ndi makina amphamvu. Tiyerekeze oimba ng'oma amwazikana kuchokera pano mpaka kutsidya kwa dambo, ndiye onse asiya kuimba nthawi imodzi. Inu mudzamva apafupi atasiya, akutali akumvekabe pang'ono, chifukwa phokoso lawo likadali m'njira. Kuwala nakonso kuli ndi liwiro lake: kuchoka padzuwa kufika kuno kumatenga mphindi 8. Choncho chinthu chikasintha kuwala m'sabata imodzi, kukula kwake sikungapose mtunda umene kuwala kumayenda pa sabata imodzi. Pomwe kuti kuwala kudutse mlalang'amba wathu wa Milky Way pamafunika zaka pafupifupi 100,000. Mwaona kuchepa kwa kamalo kotulutsa moto wonsewo?

Akatswiri a zakuthambo anapitirira pamenepo. Mumlalang'amba wa NGC 5548 anaona kuti pakati pakawala kwambiri, mitambo ya gasi yozungulira patali imadzawala nayonso patapita masiku angapo, nthawi zina masabata awiri kapena atatu. Kuchedwako kumapereka mtunda wa mitamboyo, liwiro limene ikuzungulira limayezedwa padera, ndipo ziwirizi zikaphatikizidwa amawerengera kulemera kwa black hole. Ma black hole ambiri akutali anawayeza motero.

Pali gulu lina lovuta kwambiri, lotchedwa ma blazar. Awa amalavula mtsinje wa tinthu tothamanga pafupifupi ngati kuwala, ndipo mtsinjewo walunjika chakuno. Liwirolo limachititsa kuti kwa ife kusintha kuzioneka kwachangu ndiponso kwakukulu kuposa mmene kulili, ndiye lamulo la kukula lija pamenepa limafuna kusamala. Mu July 2006 makina a H.E.S.S. ku Namibia anaona blazar yotchedwa PKS 2155-304 ikusintha mphamvu ya kuwala kwa gamma (kuwala kwamphamvu kwambiri kosaoneka ndi maso) m'mphindi zochepa zokha. Blazar ina, BL Lacertae, nayo kwa zaka pafupifupi 40 anthu ankaiyesa nyenyezi yosinthasintha ya mumlalang'amba wathu womwe uno, n'chifukwa chake mpaka pano ili ndi dzina ngati la nyenyezi.

Mukafuna kudzionera nokha, 3C 273 ili m'gulu la nyenyezi la Virgo, ndipo kwathu kuno imakwera pamwamba ndithu madzulo a April ndi May. Ndi maso okha siioneka. Pamafunika telesikopu yokulirapo, malo amdima kutali ndi magetsi, ndi mapu a nyenyezi zoyandikana nayo zoti muziyerekezera kuwala kwake usiku uliwonse mukaiyang'ana.