Chikopa chikufumbutuka, kodi mabukuwa ndigule?

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti wapeza mabuku a mbiri yakale okutidwa ndi chikopa, osindikizidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Wogulitsa akuti ali bwinobwino, koma atagwira limodzi, manja ake anatsala ndi fumbi lofiirira. Akufunsa ngati agule kapena awasiye.

Zikomo pondilembera. Fumbi limenelo likusonyeza kuti chikopa chayamba kuwola, vuto limene okonza mabuku amalitcha red rot. Limakonda kugwira zikopa za nthawi imeneyo chifukwa mabuku ambiri ankasungidwa m'zipinda zoyatsa nyale za gasi, m'mizinda yodzaza utsi wa malasha. Chikopa chinkayamwa mpweya woipawo, mkati mwake n'kupangika asidi amene amadula timinyewa take. Chikafika pamenepa sichibwereranso mwakale. Akatswiri amapaka mankhwala otchedwa Klucel G kuti fumbi lisiye kuthothoka, basi. Chonde musapake mafuta kapena polishi wa nsapato, chifukwa amadetsa chikopa n'kulowerera mpaka m'masamba.

Komabe ine sindingasiye buku chifukwa cha chikuto chokha. Msana wothyoka amausoka n'kuikapo chikopa china, koma mapu amene anazulidwa simudzawapezanso. Mabuku a mbiri yakale nthawi zambiri amakhala ndi mapu opinda komanso zithunzi, ndipo pali anthu amene amazidula n'kukagulitsa pazokha. Nthawi zambiri koyambirira kapena kumapeto kwa buku kumakhala mndandanda wa zinthu zimenezi. Khalani pansi, tsegulani tsamba ndi tsamba, muonetsetse kuti chilichonse cholembedwa pamndandandapo chilipo. Wogulitsa woona mtima sakwiya nazo zimenezi. Onaninso ngati mavoliyumu onse alipo ndipo ndi osindikizidwa pamodzi. Mwachitsanzo, mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Roma imene analemba Edward Gibbon inatuluka m'mavoliyumu 6 kuyambira 1776 mpaka 1788. Kusowa kwa limodzi kumagwetsa mtengo wa otsalawo kwambiri.

Gwirani pepala mosamala. Mapepala akale kwambiri ankapangidwa ndi nsanza ndipo amakhala olimba mpaka lero, pamene a kumapeto kwa m'ma 1800 ambiri ndi ochokera ku mitengo, amachita chikasu n'kumathetheka m'mphepete. Timadontho tofiirira pamasamba tisakuopseni, timapezeka m'mabuku akale ambiri.

Chimene chingandibweze ndi nkhungu. Linunkhizeni bukulo. Ngati likununkha chinyezi, masamba amatirirana, kapena pali zaubweya zoyera kapena zakuda pafupi ndi msana, lisiyeni, chifukwa nkhunguyo ikhoza kufalikira m'mabuku anu ena. Timabowo ta tizilombo tokhala ndi ufa watsopano nato n'toopsa chimodzimodzi.

Ngati anuwo ndi athunthu, ouma, ndipo ulusi wake ukugwirabe masamba, gulani. Koma muonetseni wogulitsayo fumbi la m'manja mwanulo, atsitse mtengo, chifukwa mudzafunika kulipira wokonza mabuku kapena kuwapangira mabokosi osungiramo.