Makiyi anuwo aikeni mu memfd_secret, koma KPTI musaizimitse

Achimwene ndaona funso lanu lija, loti mukulemba kapulogalamu kosunga makiyi a encryption pa seva ya Linux ndiye mukufuna memory imene muli makiyiwo olo kernel imene (phata la Linux lomwe limayendetsa memory ndi hardware) isamaione, komanso kuti mnzanu wina wakuuzani muike mitigations=off pa boot, yozimitsa zotchinga mavuto a purosesa, kuti makina azithamanga. Ndiyambe ndi la mnzanulo chifukwa landidetsa nkhawa, musatero chonde. Mukatero mwazimitsa KPTI, yomwe inalowa mu Linux 4.15 kumayambiriro kwa 2018 nkhani ya Meltdown, vuto la chitetezo mu ma purosesa ena, itangotuluka, ndipo ntchito yake ndikuonetsetsa kuti pulogalamu wamba isasuzumire memory ya kernel pa ma purosesa a Intel amene ali ndi vutoli. Ingowerengani /sys/devices/system/cpu/vulnerabilities/meltdown, mukapeza Mitigation: PTI kapena Not affected muli bwino, zisiyeni momwemo.

Koma chimene inu mukufuna ndi mbali inayo, kernel isaone za pulogalamu yanu. Apa ambiri amangoti SMAP ilipo basi, ndipo zoona ilipo, purosesa imakaniza kernel kugwira ma page (zigawo za memory) a user pokhapokha itatsegula dala khomo monga mmene imachitira mu copy_from_user. Vuto ndi direct map. Pa x86-64 kernel imakhala ndi mapu akeake a RAM yonse, ndiye page yanu ija ili ndi ma adilesi awiri, imodzi ya pulogalamu yanu ina ya kernel, SMAP imalondera yoyamba yokha yachiwiriyo ili pambalambanda. Mu 2014 ofufuza a ku Columbia University anaonetsa mmene munthu angadutsire pamenepo, anaitcha ret2dir, ndipo anabweretsanso njira yotsekera yotchedwa XPFO koma sinalowe mu kernel yeniyeni mpaka pano, ndiye musataye nthawi kumata ma patch amenewo pa seva yogwira ntchito.

Chimene ine ndingakuuzeni ndi memfd_secret. Inalowa mu Linux 5.14 chaka cha 2021, analemba ndi Mike Rapoport, ndipo imachita ndendende zomwe mukufunsazo, ma page amene mwatenga kudzera mmenemo amachotsedwa mu direct map nkutsala mu page table ya pulogalamu yanu yokha. Kagwiritsidwe kake sikovuta ayi, mumaiitana ndi syscall (njira imene pulogalamu imapemphera ntchito kwa kernel), imakupatsani file descriptor (nambala yoimira memory imeneyo ngati fayilo), mumapanga ftruncate kunena kukula kwake kenako mmap ndi MAP_SHARED, basi mwapeza pobisa makiyi. Memory imeneyo siipita ku swap (malo a pa disk osungira memory), ndipo wina akayesa kuiwerenga ndi ptrace, yomwe ma debugger amasuzumira nayo mapulogalamu ena, zimakana. Ngati kernel yanu ndi yakale yosafika 6.5 muyenera kuika secretmem.enable=1 pa boot, apo ayi izingokubwezerani ENOSYS, error yoti syscall imeneyo kulibe, nkumadabwa kuti chavuta nchani.

Musaike zinthu zambiri mmenemo, makiyi okha, timabayiti tochepa tija. Page iliyonse imene mwachotsa imaphwanya ma page akuluakulu a direct map kukhala tizidutswa ta 4KB, komanso imawerengedwa pa malire a RLIMIT_MEMLOCK (kuchuluka kwa memory imene mungakhome mu RAM), ndiye mukati database yonse ilowe mmenemo muvutika nazo. China, bola ngati pali pulogalamu imene ikuigwiritsa ntchito makina sangapange hibernate, pa seva zilibe kanthu koma pa laputopu mudziwiretu.

Ndipo ichi ndikufuna muchimve bwino, memfd_secret imakutetezani pamene kernel ili ndi bug yoti wakuba akuwerengera memory kudzera mu direct map. Munthu amene walanda kernel yonse, kapena root amene angalowetse module yake, akhozabe kulondola page table ya pulogalamu yanu nkuwapeza makiyiwo. Ngati mdani wanu ndi mwini makina amene, pamenepo pakufunika kiyi isatuluke nkomwe mu TPM kapena HSM, zipangizo zapadera zosungira makiyi. Komanso samalani kuti kiyiyo isayambe yadutsa mu buffer wamba musanaiike mobisikamo, werengani molunjika kulowa mu memory ya mmap ija, mukathana nayo pukutani ndi explicit_bzero osati memset chifukwa compiler imatha kuichotsa memset yo. Syscall ikakana pa makina ena, pulogalamu yanu ibwerere ku mlock (kuti memory isapite ku swap) ndi MADV_DONTDUMP (kuti isalowe mu core dump pulogalamu ikagwa) koma ilembe chenjezo mu log kuti mudziwe. Tandiuzani uname -r, yoonetsa version ya kernel, ikuti bwanji pa sevayo, ndikuthandizani kuona ngati mukufunika kusintha za pa boot.