Nkhanu ya tiana kumimbayo ibwezeni kumtsinje

Achemwali, mwafunsa za nkhanu zitatu zomwe mwana wanu wagwira kumtsinje, kuti mungaziwete bwanji mubeseni, komanso mukuti ina ili ndi tinthu tambirimbiri tikuyendayenda kunsi kwa mimba. Imeneyo sikudwala ayi, ndi mayi ameneyo ndipo tinthuto ndi ana ake. Chonde ibwezeni lero lomwe, pamalo pomwe anaigwira pomwepo osati mtsinje wina uliwonse.

Chifukwa chake nchakuti nkhanu za mumtsinje sizili ngati za m'nyanja yamchere zomwe mazira ake amaswa timphutsi nkumatengedwa ndi madzi mpaka kutali. Za mumtsinjezi zimaikira mazira ochepa koma akuluakulu, mayi nkuwafungatira kumimba mpaka aswe tinkhanu tathunthu, timiyendo tonse 10 tili pompo, ndiye amatisungabe kwa kanthawi tisanayambe kuyenda tokha. Ndiye sizifalikira patali, mwa mitundu yoposa 1,300 ya nkhanu za madzi opanda mchere padziko lonse ilipo ina yomwe imapezeka mumtsinje umodzi wokha basi. Mayi mmodzi akafera mubeseni mwataya tiana tonseto.

Ziwiri zinazo ngati mwanayo akulirira mutha kusunga, koma iliyonse payokha chifukwa zimadyana. Madzi akhale ochepa, muikemo mwala woti izikwerapo ndi wina woti izibisalamo, nkhanu imapuma ndi kunja komwe bola ikhale yonyowa. Vindikirani ndi chinthu cha timabowo poti usiku ndi pomwe zimayenda ndipo kukwera zimatha zedi. Madzi apampopi ali ndi mankhwala a klorini, bola a mumtsinje momwemo. Zakudya sizivuta, masamba owolerana a m'madzi, nkhono, kachidutswa ka nsomba, zotsala muzichotsa m'mawa madzi asanunkhe.

Chomwe chimapusitsa anthu ambiri ndi kufundula. Tsiku lina mudzapeza nkhanu ili gada, mukainyamula yopepuka ngati pepala, mkati mulibe kanthu, musadzalire maliro, chimenecho ndi chigoba chakale, mwini wake wabisala pansi pa mwala ali wofewa. Musamugwire masiku angapo, ndipo chigobacho chisiyeni momwemo chifukwa amachidya kuti chatsopano chilimbe. Mwendo ukaduka umameranso pa nthawi yofundula yomweyo, umayamba kang'ono kenako nkumakula.

Mwanayo mumuonetse poitembenuza mosamala, ya kachivindikiro kowonda kumimba ndi yamphongo, ya chotambalala ndi yaikazi. Aziigwira chakumbuyo, ndipo akamaliza asambe m'manja ndi sopo.