Amalume, za mungu wa ku Lapland zija ndi izi

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Voisi yanu ija ndaimvera. Mwafunsa kuti chigubu chokwirira pansi cha kuno ku Lapland, kumpoto kwa Finland, chomwe ndinaponya chithunzi chake pagulupu pano ndi cha chiyani, ndiponso ngati zilidi zoona kuti munthu angawerenge mungu wa mitengo n'kudziwa mmene nyengo ilili, kapena azunguwa akungondiputsitsa. Ndiyankha pompano kuti azakhali nawonso amve, paja anafunsaponso zomwezi.

Mungu mukuudziwa kale inu, ndi ufa wachikasu uja umayoyoka ku ngayaye mukamadutsa m'munda wa chimanga. Mitengo, udzu, zitsamba, zonsezi zili ndi wake. Ndiye pali zinthu ziwiri. Choyamba, ukauika pa maikulosikopu, mungu wa mtundu uliwonse uli ndi maonekedwe akeake. Wa paini uli ndi timatumba tiwiri ta mpweya, kwina ndi kwina. Wa mtengo wa birch ndi wobulungira, uli ndi timabowo titatu. Wa tizitsamba tobala tizipatso ta m'mapiri kuno, monga crowberry, umakhala unayi unayi, womatana. Chachiwiri, khungu lake ndi lolimba modabwitsa. Ukagwera m'matope pansi pa nyanja kapena m'dambo lonyowa momwe mulibe mpweya, suwola, umatha zaka zikwizikwi uli chikhalire. Chaka chino wagwa, chaka chamawa wina wagwa pamwamba pake, basi kumangosanjikizana. Munthu wa ku Sweden, Lennart von Post, ndi amene anaonetsa anzake mu 1916 ku Kristiania, mzinda womwe pano ndi Oslo, kuti ukaboola pansi n'kuwerenga mungu kuyambira pansi kukwera m'mwamba, umaona mmene nkhalango zinkasinthira.

Koma apa ndi pomwe pali nkhani, amalume. Mungu sunama, koma sunenanso zonse mofanana. Zili ngati pabwalo la mfumu: pamakhala munthu mmodzi wapakamwa, amalankhula mpaka wodutsa kumsewu n'kuganiza kuti mudzi wonse wagwirizana naye, pomwe anthu makumi angapo angokhala duu. Wapakamwayo kuno ndi paini. Mungu wake amaupereka ku mphepo, ndiye amatulutsa wochuluka zedi, ndipo timatumba tija timauyandamitsa. Mu Juni ukapita m'mbali mwa nyanja za kuno umapeza madzi achita chikasu, galimoto ukaisiya panja imadzuka itapakidwa. Achimwene anga aja anakhalako ku Chikangawa angachitire umboni, paini wakumeneko amachitanso zomwezo nthawi yake ikafika. Mungu umenewu umauluka mtunda wautali moti umapezeka mpaka ku zilumba za Svalbard, kutali kumpoto kwa Norway, komwe kulibe nkhalango ngakhale imodzi.

Okhala duu aja ndi monga mtengo wa willow, yemwe amadalira tizilombo kumunyamulira mungu, ndiye safunika kumwaza wambiri. Woposa onse ndi mtengo wa larch wa ku Siberia. Kumeneko kuli nkhalango za larch zoti maso sangafike kumapeto, koma mungu wake ndi wolemera, ulibe timatumba, umagwera pafupi ndipo suchedwa kuonongeka. Ukatapa matope a kanyanja kozunguliridwa ndi larch yekhayekha, umaupeza wochepa kwambiri. Munthu wosadziwa akhoza kulemba kuti pano panalibe mitengo.

Ndiye taganizani muli kumtunda kwenikweni, kumalo komwe amati tundra, kopanda mitengo, kuli ndere, udzu wa m'dambo ndi tizitsamba tofika m'mawondo. Zomera za kumeneko zimatulutsa mungu pang'ono. Wa paini ukabwera ndi mphepo kuchokera kummwera, ngakhale ukhale wochepa, pogawa pa 100 umatenga gawo lalikulu, chifukwa eni malowo ndi achete. Pepala limaonetsa ngati pali nkhalango ya paini, ukakweza maso palibe ndi mtengo umodzi womwe. Nchifukwa chake ine anthu othamangira mapelesenti okha sindiwakhulupirira kwenikweni pa nkhani za kumpoto kuno. Pamafunika kudziwa kuti pa kamalo ka sentimita imodzi mulitali ndi mulifupi pagwa mungu ungati pa chaka. M'kati mwa nkhalango ya paini umafika zikwi, kutali ndi nkhalango umatsikira ku mazana ochepa. Pamenepo ndiye umasiyanitsa mlendo ndi mwini malo.

Chigubu chija ntchito yake ndi imeneyo. Anachikonza ndi munthu wa ku Denmark, Henrik Tauber. Chimakwiriridwa pansi, kamwa lake lokha, la masentimita 5, n'kukhala lofanana ndi nthaka. M'kati timathiramo glycerine kuti mungu usaume, pakamwa n'kuikapo kawaya kuti mbewa ndi achule asagweremo. Chimakhala chaka chathunthu, sinowo n'kuchikwirira, n'kusungunuka, maluwa n'kuchita, kenako cha mu Seputembala timakachitenga n'kuikapo china. Mayi wina wa ku yunivesite ya Oulu ku Finland, Sheila Hicks, anayamba kutchera zigubu zoterezi ku Lapland m'zaka za m'ma 1970, ndipo kuchokera mu 1996 mayiko ambiri a ku Ulaya anagwirizana kumachita mofanana kuti ziwerengero zizitha kuyerekezedwa. Pena timatenganso ndere ya pansi, yomwe imasunga mungu wa zaka zingapo, kapena matope apamwamba penipeni pansi pa nyanja. Ndipo sitingotenga n'kuthawa ayi. Umaima pamenepo n'kulemba chomera chilichonse chozungulira, udzudzu uli ng'wee m'makutu. Eee, udzudzu wa ku Lapland, amalume, wa ku Nsanje ndi mwana, kungoti uwu ulibe malungo.

Lapland ndi malo abwino pa ntchitoyi chifukwa mitengo imatha motsatana ukamapita kumpoto. Woyamba kugonja ndi mtengo wa spruce. Paini amalimbikirabe mpaka kupitirira nyanja ya Inari, nayenso n'kuyamba kupezeka apo ndi apo. Kenako kumatsala birch wa m'mapiri, wamfupi, wopindikapindika, cha ku Utsjoki komwe kuli malo ofufuzira a Kevo. Ukakwera pamwamba pa mapiri, mbee, mitengo yatha. Chomwe chimadula malire amenewa si kuzizira kwa Januwale monga ambiri amaganizira, koma kuchepa kwa kutentha m'chilimwe. Pomwe mwezi wa Julayi sufika pa madigiri 10 ukatenga avareji ya masiku onse, mitengo imalephera. Ndiye ukayala zigubu kuchokera kummwera mpaka kumpoto, mungu umasintha motsatira mitengo, mitengo ikutsatira kutentha. Ndi mmene mungu umafikira pa nkhani ya nyengo, umadzera kwa mitengo.

Mu labu ndiye muli ntchito yotopetsa. Timasungunulamo timapiritsi tokhala ndi njere za chomera china, Lycopodium, zomwe chiwerengero chake chimadziwika kale, kuti tikhale ndi poyezera. Kenako mankhwala amadya zinyalala zonse, mungu n'kutsala. Ukatero umakhala pa maikulosikopu n'kumawerenga umodzi umodzi mpaka ufike 300 kapena 500. Ndipo si zonse zimasiyanitsika. Udzu ndi udzu basi, sungadziwe kuti ndi mtundu uti. Chovuta kwambiri ndi birch, chifukwa pali wa mtengo ndi wina kachitsamba kokwawa pansi, mungu wawo ndi wofanana, umasiyana pang'ono kukula kwake. Komatu kusiyana kumeneko ndi kwakukulu: uyu akutanthauza nkhalango, uyo akutanthauza tundra.

Chomwe chimandisangalatsa ine pa zomwe zigubuzi zinaonetsa ndi ichi. Kuchuluka kwa mungu wa paini kumalire kuja kumatsatira kutentha kwa Julayi wa chaka chatha, osati wa chaka chomwecho, chifukwa mtengo umakonzeratu maluwa ake chaka chimodzi m'mbuyo. Chilimwe chikatentha, chaka chotsatira mungu mbwee. Chikazizira, chigubu chimabwera chopanda kanthu kwenikweni, mitengo ili yomweyo. Choncho chaka chimodzi sichikuuza za nkhalango, chimakuuza za chilimwe. Kuti udziwe za nkhalango pamafunika kuphatikiza zaka khumi kapena kuposa.

Komanso tisanamizire nyengo pa chilichonse. M'zaka za m'ma 1960 mbozi za njenjete ina zinadya masamba a birch ku Utsjoki, mitengo n'kufa pa dera lalikulu. Mphukira zikati zitulukenso, nyama zija a mtundu wa Sámi amaweta, ma reindeer, zinkabudula, ndiye malo ena mpaka lero nkhalango sinabwerere. Wobwera zaka 1,000 kutsogoloku akadzaona mungu wa birch utatsika m'matope, akhoza kudzati kunazizira, chikhalirecho zinali mbozi ndi ziweto.

Tikaphunzira bwino zonsezi pa mungu wa lero, ndi pomwe timabwerera ku matope akale. Timatenga mungu wa zaka zikwi zapitazo n'kufunsa kuti, lero mungu wosakanikirana chonchi umapezeka kuti, ndipo kumeneko Julayi amatentha bwanji? Njira imeneyi yaonetsa kuti nyengo ya madzi oundana itatha, zaka pafupifupi 11,700 zapitazo, birch ndi amene anayamba kudzaza Lapland, paini n'kutsatira, spruce n'kubwera mochedwa kuchokera kummawa. Pakati pa zaka 8,000 ndi 5,000 zapitazo chilimwe chinali chotentha kuposa cha zaka za m'ma 1900, ndipo paini anakafika kumpoto ndi kumapiri komwe lero kulibe. Mboni yachiwiri iliponso: m'tinyanja ta kumalo opanda paini lero anthu amavuula zipika za paini za nthawi imeneyo, zosawola. Kwathukonso njira yomweyi inagwira ntchito, mu 2005 anaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope a zaka zoposa 1 miliyoni, mungu wake n'kumauwerenga chimodzimodzi.

Za lero, kafukufuku wa a zanyengo ku Finland wa mu 2022 anapeza kuti kuchokera mu 1979 dera la Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse. Koma musaganize kuti nkhalango ithamangira kumpoto mawa. Mungu umayankha msanga, chaka chimodzi chokha. Mtengo wa kumalire kuja umafuna chilimwe chotentha kuti njere zake zikhwime, kambewuko kapulumuke ku sinowo ndi ku ziweto, kenako zaka makumi angapo kuti nako kayambe kutulutsa mungu. Zomwe zikuoneka kale m'madera ambiri a tundra ndi tizitsamba ta willow ndi birch kukula ndi kuchulukana.

Voisi yatalika, mundikhululukire data yanu. Chithunzi cha mungu wa paini pa maikulosikopu ndiponya mawa ndikalowa mu labu. Mundiperekere moni kwa agogo.