Za 3S mu ka Corolla kaja

Eee moni nonse pagulu pano. Mphwanga meseji yako ndaiona, pepa ndachedwa kuyankha manja anali oyilo okhaokha, nde kulemba sinditha ndingolankhula basi, amene zamagalimoto sizikukhudzani ingodumphani iyi italika. Wafunsa kuti ka Corolla kako ka 1993 kaja, ka injini ya 5A, kakumalira pachitunda ukanyamula anthu, ndiye pali munthu akukutsatsa injini ya 3S ya 2.0 yochotsa mu Camry, ukufuna udziwe ngati ingalowe komanso ngati n'zanzeru.

Kulowa ilowa, zimenezo usakayike, anthu anaikapo ma V8 m'timagalimoto tochepa kuposa kako, munthu akakhala ndi girayinda ndi makina owotcherera palibe chokana kulowa. Koma ine ndikuti ayi, 3S usagule. Mvetsera kaye usanakwiye.

Injiniyo payokha ndi kachigawo kakang'ono ka ntchito yonse, ndipo nthawi zambiri ndi kotchipa kuposa zotsatira zake. Toyota mainjini ake anawaika m'mabanja, yako ndi ya banja la A, 1498cc, pomwe 3S ndi ya banja la S, 1998cc, ndipo mabanja awiriwa sagawana giyabokosi, mabowo a mabauti pamene injini imakumana ndi bokosi sagwirizana n'komwe. Nde ukagula 3S wagulanso giyabokosi yake, ufune usafune. Giyabokosi ikasintha mashafiti opita kumatayala akutsogolo nawonso asintha, kutalika kwake ndi kwina, mano olowa m'bokosi ndi ena, ndiye kunja kuja kuhabu ayenera kugwirizanabe ndi za Corolla, apa ndi pamene anthu amayamba kudula mashafiti awiri n'kuwalumikiza pakati, zimene ine sindifuna kuziona pagalimoto yonyamula ana a mlongo wanga. Kenako mamaunting'i, zogwirizira injini ku bodi zija, palibe ngakhale imodzi ikhale pamalo pake, onse opanga, ndipo wowotchererayo akangopendeketsa injini pang'ono pokha ma CV, mfundo za kumapeto kwa mashafiti zija, azigwira ntchito mokhota, uzisintha CV miyezi ingapo iliyonse osadziwa chikuwadya n'chani, galimoto izinjenjemera ukaponda moto. Sitinakambe za zingwe za magiya, ekizozi, mapaipi a lediyeta, mapaipi a power steering, a eyakoni, sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini lija, kuti isakhudze chitsulo chopingasa cha pansi chija. Chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono eti, koma n'zimene zimagoneka galimoto pamatabwa chaka chathunthu udzu n'kumera pansi pake.

Ndiye mawaya. Iiii mawaya. Apa ndiyankhula ngati munthu amene anapsapo. Ndili mnyamata ndinagula injini kwa bambo wina, yooneka bwino, yotsukatsuka, mtengo wabwino, ine kusangalala. Kufika nayo kunyumba ndipamene ndikuona kuti hanesi yonse, mtolo wa mawaya a injini uja, anaidula ndi pulayala pafupi ndi injini pomwepo, mawaya angoti nyankha ngati ndevu, kompyuta ya injini palibe, MAP sensa yoyeza mpweya palibe, iginaita ya moto wa mapulagi palibe. Kubwerera kwa mwini wake akuti munagula injini simunagule mawaya. Ndinatha miyezi inayi ndikusakasaka tizidutswa, ndipo kompyuta imene ndinapeza inali ya otomatiki pomwe galimoto inali ya manyuwo, kulira inkalira koma check engine osazima ndipo idling imangokwera n'kutsika. Ndinaigulitsa motaya. Nde ukamva munthu akuti injini ilipo, funso loyamba lisakhale mtengo, funsa kuti hanesi ili yonse mpaka pulagi yolowa mu kompyuta? Kompyutayo ndi yake yomweyo? Akayamba zoti aaa zimenezo amalekitirishani amangolumikiza, tsanzika uzipita.

Tsopano chimene ndingachite ine galimotoyo itakhala yanga. Bodi yako ija ndi AE100, kayang'ane kachitsulo kolembedwa pansi pa boneti uona. Bodi yomweyomweyo Toyota ankaitulutsanso ndi 4A-FE ya 1587cc, imeneyo ankaitcha AE101, komanso ndi 7A-FE ya 1762cc, AE102. Wamva pamenepo? Kutanthauza kuti 1.8, 7A imeneyi, inalowamo kale kufakitale, anthu ophunzira anayeza kale zonse, iwe ntchito yako ndi kungotsatira mapazi awo. 7A ndi mkulu wake wa 5A yakoyo, bere limodzi, imamanga pa giyabokosi yako yomweyo, mashafiti omwewo, mamaunting'i pamalo pake. Kusiyana kulipo koma n'kwakung'ono, buloko yake ndi yaitaliko pafupifupi mamilimita 15 chifukwa pisitoni imayenda ulendo wautali, 85.5mm pomwe yako imayenda 77mm, nde paipi yoyamba ya ekizozi imafuna kuisuntha kapena kupeza yake, timing belt ndi yake, sampu ndi yakenso. Zimenezo makaniko wodekha amamaliza masiku ochepa.

Ndipo ulendo wautali wa pisitoni uja ndi umene ukufuna iweyo, ngakhale sunadziwe. Iwe sukudandaula kuti galimoto siithamanga pamsewu woongoka, ukudandaula pachitunda ndi katundu. Imeneyo ndi nkhani ya torque, mphamvu yokoka injini isanakuwe. Ukayang'ana ma horsepower papepala 5A ndi 7A sizitalikirana kwambiri, mwina ukhoza kukhumudwa n'kumati ndavutikiranji, koma ukakhala pa siteling'i uona kuti chitunda chimene umatsitsira giya mpaka 2 ukukwera ndi 3 injini ili phee. Anyamata amakonda kutchula ma horsepower chifukwa ndi nambala yokoma kunena pagulu, koma wonyamula anthu asanu ndi zikwama kumbuyo amadya torque.

Ukaisaka 7A yo, yesetsa upeze hafukati, kutsogolo konse kwa galimoto kodulidwa, chifukwa mmenemo muli injini, hanesi, kompyuta, masensa, mabulaketi, lediyeta, zonse zogwirizana, ndipo umaona ndi maso ako mmene zinakhalira usanamasule. Chenjera ndi chinthu chimodzi, si 7A iliyonse yofanana. Zina zochokera mu Carina ndi Avensis ndi za lean burn, zosakaniza petulo wochepa ndi mpweya wambiri, masensa ake ndi ena, zina zakumapeto zilibe disitibyuta zimayendera makoyilo, ndipo magalimoto ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi imobilaiza, kompyuta yake siilola injini kulira popanda kiyi wake weniweni. Iwe funa ya disitibyuta, ya zaka zoyandikana ndi galimoto yako, ndipo ngati yako ndi manyuwo kompyuta ikhalenso ya manyuwo. Ili pansi isanalowe sinthiratu timing belt, pampu ya madzi, siilo ya oyilo ya kumbuyo kwa kirankishafiti ndi kilatchi yonse, chifukwa ili panja zimenezi ndi ntchito ya masana amodzi koma ikalowa siilo yokhayo ikufuna kutsitsanso giyabokosi.

Koma dikira, ndathamanga. Ndani wakuuza kuti 5A yako yatha? Chifukwa injini imeneyo ili bwino si yaulesi choncho ayi, ndinayendetsapo yambiri. Galimoto ya zaka zoposa 30 ikhoza kufooka ndi zinthu zopusa, fyuluta ya petulo yotsekeka, fyuluta ya mpweya, mapulagi ndi zingwe zake, taiming'i yobwerera m'mbuyo, catalytic converter, chosefa utsi cha mu ekizozi chija, yodzadza mwaye moti utsi ukusowa potulukira, ngakhale mabuleki ogwira okha. Komanso kilatchi, ukaponda moto pachitunda n'kumva injini ikukuwa koma liwiro osawonjezereka, ameneyo ndi kilatchi akuterereka, injini ilibe mlandu, ukaika yaikulu ndiye aipiratu. Pita nayo akayeze compression, mphamvu yopanikiza mpweya, masilinda onse anayi injini ili yotentha. Mainjini a banja limeneli akakhala abwino amawerenga cha m'ma 13 bar, ikatsika pansi pa 10 yatopa, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1 bar. Ina ikatsika amathira tioyilo pang'ono pabowo la pulagi n'kuyezanso, nambala ikakwera ndiye kuti maling'i atha, ikakhala pomwepo vuto lili kumavalavu kapena gasiketi ya hedi. Palinso kabokosi kakang'ono pansi pa boneti kolembedwa DIAGNOSIS, ukalumikiza mabowo ake a TE1 ndi E1 ndi kawaya n'kutsegula kiyi osaliza injini, nyali ya check engine imaphethira, kuwerenga kuphethirako kumakuuza code ya chimene chikudwala. Zaulere zimenezo, sizifuna makina. Chita zimenezi kaye, mwina nkhani yonseyi itha ndi fyuluta ndi mapulagi ine n'kukhala ndataya malovu pachabe.

Achemwali ndaona mwaika ka emoji kogwira kumutu, ndikudziwa nkhawa yanu, mukuti mwanayu akufuna azithamanga. Nkhawayo ndi yoona ndipo ndikubwera pomwepo. Mphwanga, anthu akamakamba zokuza injini amaiwala kuti galimoto iyeneranso kuima. Liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi, sikuti kawiri, ndipo ma Corolla ambiri a nthawi imeneyo kumbuyo ndi madiramu, kutsogolo timadisiki tating'ono toyezedwa ndi injini yaing'ono. Ichi ndi chifukwa china ndikukanira 3S, ndi yolemera, kulemera konseko kukhala pamphuno, masipuling'i akutsogolo aphwa, pakona galimoto izifuna kupita molunjika iwe utakhotetsa. Ndi 7A kulemera sikusintha kwenikweni komabe usanaike injini iliyonse ndikufuna ndimve kuti mapaipi a rabala a mabuleki wasintha, brake fluid watsopano, mashoko ndi mabushi ali bwino, matayala si osalala. Ndipo lowa pansi ndi tochi ndi sikuludiraiva ubaye pamene mashoko amamangirira, pamene pamakhala mamaunting'i, ndi m'mbali pansi pa zitseko. Sikuludiraiva ikalowa ngati mu nsalu yowola, iwala zonse ndanenazi, mphamvu yatsopano pa chitsulo cha dzimbiri imangong'amba.

Za mafuta wafunsanso. 7A imwa kuposa 1.5 yakoyo inde koma osati zoopsa, nthawi zina injini yokulirapo yosavutika imamwa mofanana ndi yaing'ono imene ukuikakamiza tsiku lonse. Vuto limakhala phazi, mwezi woyamba aliyense amaponda kuti amve kukoma kwake.

Lediyeta ndaiwala. Yakale ija usaikhulupirire, injini yaikulu imatulutsa kutentha kochuluka, ngati hafukati yabwera ndi yake ika imeneyo, thermostat, kavalavu kotsegulira madzi kupita ku lediyeta injini ikatentha, ikhale yatsopano, ndipo onetsetsa kuti fani ikuyaka yokha kutentha kukakwera. Asakuchotsere thermostat ati kuti isamatenthe, ndi bodza limenelo, injini imangokhala yozizira kompyuta n'kumathira petulo wambiri.

Mapepala. Nambala ya injini m'mayiko ambiri imalembedwa pa zikalata za galimoto, ukasintha uyenera kukadziwitsa ofesi yolembetsa magalimoto, ndiye wogulitsa akupatse lisiti yolembedwa nambala ya injiniyo, uiyerekeze wekha ndi imene yadindidwa pa buloko, ikaoneka yopalapala kapena yodindanso usaikhudze mwina ndi yakuba. A inshulansi nawonso auze. Anthu amabisa poopa kuti ndalama ikwera, kenako tsiku la ngozi woyeza galimoto atsegula boneti apeza 1.8 pomwe pepala likuti 1.5, akhoza kukana kulipira ndipo udzalira wekha.

Munthu wa 3S uja umuuze kuti amalume akana, undinamizire ine palibe vuto ndazolowera. Mawa kukacha ndijambulire kachitsulo ka pansi pa boneti kaja, ujambulenso ka vidiyo ka ekizozi injini ikungolira kumene m'mawa ndione utsi wake, ndiponso undiuze kuti oyilo ukumawonjezera kangati pamwezi, zoona zake osati zondisangalatsa. Manambala a compression akatuluka uwaponye pompano. Foni ikutha moto iyi, achemwali ndikuimbirani madzulo.